Mnyamata wathu akuti akupita kunja kukatumikira: tisonkhe kapena tisasonkhe?

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chilomoni, wa Mvano, amene amachita geni ya zitenje mu Limbe. Apempha kuti dzina lawo lisatuluke, ndiye silituluka. Kalata yawo ndi yaitali, ndangodulapo pamene pagona nkhani:

"Pa mpingo pathu pali mnyamata wa zaka 24, wapampando wa achinyamata. Anamaliza dipuloma chaka chatha koma ntchito sanaipeze. Pano wabwera ndi kalata yoti amulandira ku sukulu ya utumiki kunja kwa miyezi 6, kenako akatumikire achinyamata pa mpingo wina ku Britain kwa chaka. Pakufunika madola 4,000. Abusa alengeza Pepa Sande. Bambo a kunyumba akuti ndisaponyeko ngakhale tambala. Ati mwanayo akuthawa ulova, komanso ati mmishonale ndi mzungu, ife amphawi tikalalikire chiyani kwa eni ake Baibulo? Ine mtima ukundiuza kuti ndipereke, koma ana athu omwewa chaka chino alephera kupita ku kampu ku Mulanje chifukwa cha thiransipoti. Ndangoti kakasi. Kodi n'koyenera kutumiza ndalama kunja pamene pakhomo pali usiwa? Nanga tidziwa bwanji kuti si chinyengo?"

Mayi, zikomo pondiululira za m'nyumba mwanu. Ndikuti perekani, koma musaponye kanthu m'mbale mnyamatayo asanapeze ankhoswe. Za ankhoswezo ndifikako. Ndiyambe ndi bambo, chifukwa pa mawu awo aja, ena aphonya ena alasa.

Aphonya ponena kuti mmishonale ndi mzungu. Sindikuwaseka ayi, tonse tinakula tikuganiza choncho poti zithunzi zopachika m'mavesitili ndi za azungu a ndevu. N'zoona kuti anasankha malo a Blantyre Mission mu 1876 ndi Henry Henderson, ndipo tchalitchi cha St Michael and All Angels, chija timakajambulitsirapo maukwati, chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott. Koma chaka chomwecho cha 1876 kunabweranso anyamata anayi achikuda ochokera ku sukulu ya Lovedale ku South Africa. Mmodzi mwa iwo, William Koyi, ndiye anatsegula khomo kwa Angoni a M'mbelwa poti chinenero chake chinali pafupi ndi chawo, ndipo anamwalira konko ku Njuyu mu 1886. Ifenso sitinachedwe kutuluka. David Kaunda, bambo ake a Kenneth Kaunda, anali mphunzitsi wa kuno kwathu amene mishoni ya Livingstonia inamutumiza kwa Abemba ku Chinsali. Leonard Kamungu, wansembe wa Anglican, Mchewa mnzathu, anakafera ku Msoro ku Zambia mu 1913. Chaka chomwecho mishoni ya Blantyre inatsegula ntchito ku Mihecani ku Mozambique, kumene Lewis Mataka Bandawe anakhala zaka zambiri n'kumasulira Chipangano Chatsopano m'Chilomwe. Mukamadutsa pa malo a misonkhano a Grace Bandawe paja, otchulidwa dzina la mkazi wake, dziwani kuti mukuwerenga dzina la banja la amishonale, ndipo sanali azungu.

Za "eni ake Baibulo" nazo zinasintha bambo asakudziwa. Church of Scotland, mayi wa mipingo yathu yambiri kuno, inali ndi mamembala pafupifupi 1.3 miliyoni m'zaka za m'ma 1950. Lero sakukwana 300,000, ndipo matchalitchi ena akugulitsidwa n'kusanduka nyumba zogona kapena malo omwera. Kumeneko mnyamata wodziwa kusonkhanitsa ana 60 pansi pa mtengo wa mango popanda sipika ali ndi chopereka. Alipo kale Amalawi amene akugwira ntchitoyi, monga Dr Harvey Kwiyani amene wakhala akuphunzitsa za utumwi ku Britain. Ndipo umphawi sunaletsepo mpingo kutuma anthu. John Chilembwe atabwerako ku America mu 1900, ntchito ya mishoni yake ya PIM (Providence Industrial Mission) ku Mbombwe inkathandizidwa ndi mipingo ya Baptist ya anthu akuda a ku America, patangopita zaka 35 chithereni ukapolo kwawoko. Anthu amenewo anatitumizira Landon Cheek ndi Emma DeLany asanamalize okha kumanga masukulu a ana awo. Akanadikira kuti ayambe alemera, bwenzi Daniel Malekebu, wophunzira wa DeLany uja, asanakhale dokotala.

Koma pa ulova paja bambo alasa, ndipo tisanamizane. Mnyamata wa zaka 24 wokhala ndi dipuloma m'chikwama, amene wayenda ndi envulopu ya khaki kuchokera ku Ginnery Corner mpaka ku Makata nsapato kuperepeseka, akamva za Britain mtima sugunda chifukwa cha Uthenga Wabwino wokha. Ine sindiona tchimo pamenepo. Ndani wa ife amene analowa utumiki ndi mtima wosasakaniza? Chofunika si kumuyeza mtima, poti sikelo yake tilibe. Chofunika ndi kuyang'ana mapazi ake, kumene wakhala akuponda. Pamene panalibe alawansi, ankabwera? Namondwe Freddy atagumula phiri la Soche mu Malichi 2023, anthu ali m'misasa ku Chilobwe ndi ku Manja, iye anali kuti? Ndalama za kwaya zikadutsa m'manja mwake zimafika zonse? Atsikana a m'gulu lake makolo awo amagona tulo? Mpingo wa ku Antiokeya, pa Machitidwe 13, sunatume anthu osowa chochita. Unatuma Barnaba ndi Saulo, amene anali ataphunzitsa pomwepo chaka chathunthu, anthu oti kuchoka kwawo kunasiya dzenje. Ngati mnyamata wanuyo akachoka mpingo sumva kupweteka, ku Britain nakonso sakamva kubwera kwake.

Tsopano ndikuuzeni chimene chinandichitikira ine, poti n'chifukwa chake kalata yanu yandikhalitsa pansi.

Mu 2023 ndinali msungichuma wa komiti ya achinyamata pa mpingo wathu. Mtsikana wina wa m'kwaya, mwana wodekha, wophunzitsa Sande sukulu, analandiridwa ku sukulu ya utumiki ku South Africa, miyezi itatu ya m'kalasi kenako miyezi ina kukatumikira kudziko lina. Pankafunika madola 3,000. Tinachita Pepa Sande mu Okutobala, ndipo inali Pepa Sande yoti anthu anaikamba mwezi wathunthu. Mlendo wolemekezeka anabwera ndi galimoto yakuda, amayi anavina atamanga zitenje m'chiuno akuponya ma K500 m'lichero, madera akupikisana, wolengeza mawu mpaka kusasa. Tinawerenga ndalamazo m'vesitili mpaka mdima, magetsi atathima, wina atanyamula foni m'mwamba kutiunikira. Zinakwana K3,540,000, ndendende madola 3,000 pa mtengo wa nthawi imeneyo wa K1,180. Tinaimba nyimbo yoyamika, ine n'kukaziika ku banki m'mawa mwake, n'kulemba kalata yopempha ndalama zakunja. Anandiuza kuti ndidikire. Ndinadikira.

Pa 9 Novembala ndili mu minibasi yopita m'tauni, wailesi inalengeza kuti kwacha yagwa ndi 44 peresenti, dola yafika pa K1,700. Ndinatulutsa foni n'kuwerengera pomwepo, kondakitala akundikodola kuti ndilipire. Ndalama zathu zija zinali zitasanduka madola 2,080 ndi kakusintha. Palibe anaba, palibe anadya, koma madola 900 anasungunuka usiku umodzi ndalama zili chigonere m'buku la banki. Tinapemphetsa kwa anthu angapo mwakachetechete, tinakwanitsa movutikira, ndipo mu Januwale tinamuperekeza kukakwera basi pa Wenela, kwaya ikuimba, mayi ake akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

Cholakwa changa chenicheni si cha banki chija. Chinabwera pambuyo. Basi itanyamuka, tonse tinapumira m'mwamba ngati tatula mtolo wa nkhuni. Komiti inayamba kukamba za mayunifolomu. Mwezi wachinayi ndinalandira uthenga pa WhatsApp: "Ankolo, kodi kumpingoko mukundikumbukira?" Ndinali pa mzere wa mafuta, ndatopa, ndipo ndinayankha kuti "Tikukupempherera mwanangu," n'kuikapo kachithunzi ka manja opemphera. Basi. Sindinafunse kuti wadya chiyani. Ndinadzamva patapita nthawi kuti sopo anali atamuthera kalekale, kuti anzake a m'gulu ochokera kumayiko ena ndiwo ankamulipirira chakudya pa ulendo, ndipo iye chifukwa cha manyazi ankanamizira kusala kudya. Atabwerako palibe anamupatsa ngakhale mphindi khumi kuti afotokoze kumpingo zimene anaona. Anakhala pa benchi yakumbuyo miyezi ingapo, kenako anasamukira ku mpingo wina. Chaka chatha ndinapita kwawo ku Bangwe kukapepesa. Anandiphikira tiyi, sanandikalipire, anangoti, "Ankolo, za ndalama ndinkamvetsa, kwacha inagwera tonse. Koma mukanangoimbako foni."

Mayi, inu maukwati mwawaona ambiri. Perekani-perekani amasonkhanitsa mamiliyoni masana amodzi, koma banja likayamba kugwedezeka pakati pa usiku, palibe amakagogoda kwa amene anaponya K20,000 uja. Amakagogoda kwa ankhoswe. Ndipo ukwati sumangidwa ndi nkhoswe ya mbali imodzi, pamafunika ya kuchimuna ndi ya kuchikazi, odziwana nkhope, odziwana kumene amakhala. Ife tinachitira mwana uja perekani-perekani wapamwamba, koma tinamukwatitsa wopanda ankhoswe. Mipingo yathu yambiri ndi momwe imatumira anthu, ndipo ndikuopa kuti Pepa Sande yanuyo ikulowera komweko.

Nkhoswe ya kuno isakhale "mpingo wonse", chifukwa mbuzi ya mudzi wonse imagona ndi njala aliyense akuyesa kuti mnzake waimwetsa. Akhale anthu atatu kapena anayi odziwika mayina, olembedwa m'buku la bwalo la akulu ampingo, mmodzi wa iwo mayi, amene avomera kuti miyezi 18 yonseyo mwanayu ndi wawo. Wina amuimbire sabata iliyonse. Wina asunge buku la ndalama. Wina aziima kutsogolo mwezi ndi mwezi kuwerenga kalata yake, kuti dzina lake lisazilale m'makutu a anthu. Pamene Paulo ankalembera Aroma za ulendo wake wa ku Spain, pa Aroma 15:24, mawu amene anagwiritsa ntchito ndi omwe ife timati kuperekeza, ndipo ife Achewa tikudziwa kuti woperekeza mlendo sathera pa khonde.

Nkhoswe ya uko ndiye imene iyankhe funso lanu la chinyengo. Kupempha ndalama pakokha si chizindikiro cha utambwali ayi. Mabungwe akuluakulu a utumwi monga YWAM, imene inayamba mu 1960, ndi OM, ija ya sitima ya Logos Hope, salipira malipiro. Aliyense, mzungu kaya wakuda, amafunafuna yekha omuthandiza. Choncho kalata yonena kuti "bwera ndi madola akutiakuti" ikhoza kukhala yoona ndithu. Koma kalata yokha siikwanira, masiku ano mwana wa fomu 2 akhoza kukupangirani kalata ya chidindo cha golide pa kompyuta ya pa Ndirande. Pakufunika munthu wa dzina ndi nkhope, mbusa wa mpingo umene ukumulandirawo, amene abusa anu ndi akulu ampingo alankhule naye pa vidiyo, ndipo nambala yake muipeze nokha pa tsamba la mpingowo, osati imene mnyamatayo kapena "ejenti" wakupatsani. Mukamupeza mumufunse mafunso a unkhoswe, opanda manyazi. Mwanayu akagona kuti, m'nyumba ya yani? Chakudya ndi cha yani? Akadwala amutengera kuchipatala ndani? Akalakwa amudzudzula ndani, ndipo iye akalakwiridwa akadandaula kwa yani? Tikiti yobwerera ili m'manja mwa yani? Ndipo funso lija timaliopa: zitavuta, maliro abwera bwanji? Ife a mu Blantyre tasonkhera mabokosi ochokera ku Joni kokwanira, tisachite ngati sitidziwa mtengo wake. Ngati palibe inshuwalansi, ulendo usayambe.

Poti mwatchula Britain, pali zinthu zoti mwana aliyense wa foni yabwino akhoza kukufufuzirani ndi bandulo ya tsiku limodzi. Mabungwe achifundo ndi mipingo yambiri kumeneko amakhala ndi nambala ya kaundula, imene mumaifufuza ku Charity Commission ngati ali ku England kapena Wales, kapena ku OSCR ngati ali ku Scotland. Chachiwiri, munthu sangakatumikire chaka chathunthu ndi viza ya mlendo. Pali viza ya Charity Worker, ya miyezi yosapitirira 12, ndi ya Religious Worker, ya zaka zosapitirira ziwiri, ndipo zonsezi zimafuna chikalata chotchedwa Certificate of Sponsorship kuchokera ku bungwe lovomerezedwa ndi boma la Britain. Mndandanda wa mabungwe ovomerezekawo uli poyera pa tsamba la gov.uk. Dzina la mpingowo kapena bungwe lake likasowa pamenepo, imani kaye. Dziwaninso kuti wa viza ya Charity Worker saloledwa kulandira malipiro, ndiye amene akuyembekeza kuti mwanayu azikatumiza mapaundi kumudzi aiwale. Palinso kuyezetsa TB kwa aliyense wochokera kuno wokakhala miyezi yoposa 6, msonkho wa zaumoyo umene kuyambira Febuluwale 2024 uli pa mapaundi 1,035 pachaka, ndi mapaundi 1,270 oti aonetse kuti ali nawo pokhapokha womulandirayo atalemba kuti amusamala. Funsani ngati zonsezi zili m'kati mwa madola 4,000 aja. Ndikukayika. Nthawi zambiri nambala yolengezedwa pa guwa imakhala ya fizi ndi tikiti basi, zinazo zimadzatulukira munthu atapakira kale chikwama.

Zizindikiro za chinyengo n'zosabisika kwa munthu wosathamanga: ndalama zikalowe mu akaunti ya munthu osati ya bungwe, pali "m'bale" wapakati amene akufuna yake ya fomu, akuti mutumize pofika Lachisanu apo ayi malo apita, akuti musauze anthu ambiri kuopa adani a m'dalitso. Chikomekome cha mkuyu. Atsikana athu amene anakazunzika ku Oman, mapasipoti atalandidwa, ambiri anatengedwa ndi anthu olankhula bwino, ndipo lamulo lathu la 2015 lothana ndi kuzembetsa anthu silinalembedwe chifukwa cha nthano. Wozembetsa anthu saopa kuvala kolala kapena kutsegula ndi pemphero.

Pa kasungidwe ka ndalama, phunzirani pa chilonda changa. Musasonkhe lero ndalama zodzagwiritsa ntchito miyezi isanu ikubwerayi n'kuzisiya zigone mu kwacha. Yambani mwatenga invoisi ya sukuluyo, kafunseni ku banki zikalata zimene akufuna ndi nthawi imene anthu akudikira, ndipo chimene chingalipiridwe msanga, monga tikiti, lipirani msanga viza ikangotuluka. Fizi ipite molunjika ku akaunti ya sukulu, isadutse m'thumba la mnyamatayo, osati chifukwa ndi wakuba koma kuti mawa pasadzapezeke pomunenera. Paulo yemwe, pa 2 Akorinto 8, sanafune kunyamula yekha chopereka cha ku Yerusalemu, anatuma Tito ndi abale ena awiri osankhidwa ndi mipingo kuti pasakhale wowakayikira. Ngati mtumwi ankafuna mboni, wapampando wa achinyamata asakhumudwe. Madola a pamsewu musawayandikire. Ndi mlandu, mtengo wake ndi wolasa, ndipo venda sapereka lisiti loti msungichuma akaonetse ku bwalo. Njira imene ife tinaiganiza mochedwa ndi iyi: mpingo uliwonse wa mu Blantyre muno uli ndi ana ake ku Johannesburg, ku Dublin, ku Manchester, amene anabatizidwa pomwepo ndipo maukwati awo munavina ndinu. Alembereni. Chopereka chawo alipire okha molunjika ku sukuluko m'ndalama za kumene aliko, n'kutumiza lisiti ku komiti. Ndalama yotero siidikira pa mzere wa banki.

Mwina mukudzifunsa, nanga akakapanda kubwerera? Zimachitika. Ena amakathera m'nyumba zosamalira okalamba, mpingo n'kumangomva mphekesera. Mgwirizano wolemba ndi wabwino, wonena tsiku lobwerera ndi chimene adzachite pa mpingo akabwera, ngakhale pepala silimanga munthu miyendo. Koma mumuuze mosapsatira kuti kubisala viza itatha si nkhani ya iye yekha. Mu Ogasiti 2025 dziko la America linayamba kufuna chikole cha madola 5,000 mpaka 15,000 kwa Amalawi ndi anthu a ku Zambia opempha viza ya ulendo, ponena kuti ambiri sabwerera nthawi yake. Nkhuyu zodya mwana zinapota akulu. Wothawa mmodzi amatsekera khomo ana khumi a m'mbuyo mwake, ndipo mpingo wa uko sudzayankhanso kalata yochokera ku Malawi.

Tsopano funso lanu loyamba, limene ndikuona kuti ndi lomwe likukusowetsani tulo: kampu ya ku Mulanje. Apa ndilankhula mokalipa pang'ono, osati kwa inu koma kwa ife akulu ampingo. Mpingo umene ungathe kusonkha mamiliyoni kuti mwana mmodzi akwere ndege pa Chileka, koma ukulephera kubwereka minibasi ziwiri kuti ana 40 akafike ku Likhubula, vuto lake si umphawi. Vuto lake ndi lakuti ndege ili ndi ulemu, minibasi ilibe. Pa Pepa Sande ya ndege mlendo wolemekezeka amabwera, pa ya kampu amatumiza chipepeso. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu oposa theka m'dziko muno sanakwanitse zaka 18. Munda waukulu wa utumiki wa achinyamata uli pa khomo panu pomwepo, pa bwalo la mpira la fumbi, m'mavidiyo sho, m'magulu a SCOM ndi Scripture Union a m'masekondale amene akusowa ngakhale wowayendera Lachitatu masana. Koma sindivomereza kuti tisankhe chimodzi. Mnyamata wanuyo anaphukira kuti? Si m'makampu omwewo? Mukapha kampu, zaka khumi zikubwerazi simudzakhala ndi womutuma. Mukakana kutuma, ana a m'kampuwo adzakula akudziwa kuti Mkhristu wa ku Malawi ntchito yake ndi kutambasula dzanja basi. Ine ndikanakhala pa bwalo lanu ndikanapempha zinthu ziwiri: gawo limodzi mwa magawo khumi a Pepa Sande lipatulidwe likhale la kampu ya chaka chamawa, ndipo mnyamatayo asanyamuke asanaonetse amene wamukonzekeretsa kutenga mpando wake. Ngati palibe, adikire chaka. Britain sithawa.

Ndiponso achinyamata anu muwakumbutse kuti "kunja" si kokwera ndege kokha. Mukadutsa Muloza muli ku Milange. Mukadutsa Mwanza muli pa Zobue. Ku Angonia amalankhula Chichewa chomwechi, ku Niassa kuli Ayao ngati a ku Mangochi, ndipo ulendo waufupi sufuna viza, umangofuna chiphaso ndi ya basi. Ndalama yotumiza mmodzi ku Britain ikhoza kusunga angapo kumeneko. CCAP ili ndi sinodi ya Harare kuyambira 1965 chifukwa mpingo unatsatira ana ake amene anapita kukagwira ntchito ku Rhodesia, ndipo lero ana athu adzaza ku Joni ndi ku Cape Town ambiri opanda wowayendera. Koma kumeneko nakonso unkhoswe ndi womwewo. Timadandaula ndi alendo aja amabwera masabata awiri, kupenta kalasi imodzi, kujambulitsa ndi ana athu n'kumapita osafunsa ngakhale dzina la mfumu. Ndaonapo magulu athu akuchita zomwezo kutsidya kwa malire: lole, masipika, jenereta, masiku atatu a phokoso, osalonjera mbusa wa pamalopo amene adzatsale ndi anthuwo, ndipo pobwera n'kumalengeza kuti miyoyo mazana yapulumuka. Ubale wa sinodi ya Blantyre ndi Pittsburgh Presbytery wakhala chiyambire 1991 chifukwa mbali zonse ziwiri zimayenderana ndi kudziwana mayina. Wa lole ndi jenereta umatha mafuta akatha.

Nanga inuyo mupereke zingati? Mpamba wa geni musaukhudze, ndipo musakatenge ngongole ku banki nkhonde kuti dzina lanu limveke bwino pa maikolofoni. Ndaona amayi akuvina ndi K50,000 ya katapira Lamulungu, Lolemba n'kumabisala. Ine ndikanakonda mutaponya yochepa pa tsikulo, n'kulonjeza K5,000 mwezi uliwonse kwa miyezi 18. Imeneyo ndi K90,000, yotuluka mosapweteka, ndipo mwezi uliwonse potumiza pa Mpamba kapena Airtel Money mudzakumbukira kumutchula m'pemphero. Amayi 30 a Mvano atatero ndi K150,000 pamwezi. Ndisakunamizeni, ku Britain ndalama imeneyo ndi ya sopo, basi ndi mayunitsi chabe, n'chifukwa chake malo ogona ndi chakudya ayenera kusenza ndi omulandirawo, ndipo alembe. Koma pali ntchito ina imene kwacha yathu yofookayi imaigwira bwino kuposa paundi. Mnyamatayo ali ndi mayi ake. Mwina ndi iye amene amawathandiza ndi timaganyu take, mwina pali mng'ono wake wa fomu 3 amene amadalira iye. Mtumiki amene akudziwa kuti kwawo ufa watha sakhazikika, ndipo ndi amene amayamba kusuzumira ntchito zobisika. Thumba la chimanga lopita kwa mayi akewo, fizi ya teremu imodzi ya mng'ono wakeyo, kuwayendera akadwala, zonsezi sizifuna fomu ya banki ngakhale dola imodzi, ndipo a Mvano mumazidziwa kuposa ife amuna.

Chotsala ndi bambo. Musapereke mobisa, Mayi. Ndalama yobisa imadzatulukira pa tsiku loipa, ndipo mnyamatayo adzasanduka dzina la mkangano m'nyumba mwanu iye osadziwa. Awerengereni zimene ndalembazi, ngakhale ndime ya Koyi ndi Bandawe yokha, kenako muwapemphe chinthu chimodzi: akakhale nawo pa tsiku limene akulu ampingo adzalankhule ndi mbusa wa ku Britain uja. Okonda mwanayo adzachita manyazi kufunsa za inshuwalansi ndi maliro, adzangomwetulira pa kamera n'kumati "Amen". Bambo sadzachita manyazi. Akavomera, muwauze ayambe ndi la tikiti yobwerera, ndipo mudzandilembere kuti mzunguyo anayankha chiyani.